TB Yosatsokomola

— Halo?

— Halo, amayi? Ndine mpongozi wanu.

— Aa, ndiwe? Nambala yachilendotu iyi. Mwaswera bwanji kuchipatalako?

— Taswera choncho. Kaya inu, miyendo ija?

— Ikadatupabe. Abambo ako ali bwino, apita kokametetsa. Nanga mwana wanga, akudya?

— Amangolawa. Foniyi ndabwereka kwa mayi wina muwodi muno, mulibe mayunitsi ambiri. Amayi, zotsatira zija zatuluka.

— Zati chiyani?

— Amawatenga mkodzo wam'mamawa uja, awaunikanso pa sikani. Ndi TB yomwe ija.

— Iwe, TB yanji munthu wosatsokomola? Malemu mchimwene wanga inamugwira, usiku sitinkagona ndi chifuwa.

— Akuti ina imakabisala mu impso, m'chikhodzodzo, mpaka kumusi komwe.

— Ukudukaduka. Ima pawindo.

— Ndati adokotala afunsa chifukwa chimene anasiyira mapiritsi chaka chatha.

— Ndiye wanena kuti ndine?

— Sindinatchule munthu.

— Unaona wekha m'chitini muja! Psuu, ngati tapheramo nkhuku. Ndikanangoyang'ana mwana wanga akukodza magazi?

— Sanali magazi, amayi. Mankhwalawo amatero, amafiiritsa mkodzo, misozi yomwe. Anawauza tsiku loyamba lomwelo, koma iwo anamvera inu... Halo?

— Ndilipo.

— Impso yakumanzere inafa. Yangodzaza mafinya. Akufuna aichotse mawa, kenako ayambirenso mankhwala.

— Mayo ine! Munthu n'kukhala ndi impso imodzi?

— Akuti amakhala. Palinso china. Za mwana zija. Njira ya mbewu inatsekeka kwa iwowo, matenda omwewa. Ine andiyeza, ndilibe vuto.

— Zimenezo n'zokamba pafoni?

— Inu munkazikamba pamaliro pomwe, kuti m'nyumba mwanu munalowa chumba. Koma sindinaimbire zimenezo. Ana anuwa akukana opaleshoni. Akuti pokhapokha amve kwa inu.

— Eee... Dikira abambo ako abwere, tiitanenso amalume ake, tikhale pansi.

— Tikhale pansi liti? Dokotala wa impso amachita kubwera, mawa akachoka ndiye mpaka mwezi wamawa. Thupi latentha ngati mbaula, akunjenjemera bedi lonse. Anamwino afunsa kale yankho.

— Akandiphera mwana kumeneko?

— Akafa ndi impso yowolayo mudzati ndani wapha? Foni yalira, mayunitsi akutha. Ndikuika pakhutu pawo. Lankhulani.

— Dikira kaye...

— Amayi, lankhulani!

— Iwe mwanawe, ndine mayi ako. Wawonda kwambiri? Akukufunditsa? Tamvera, zimene akunena madokotalazo... ineyo ndikuti uwalole. Wamva? Uwalole achotse. Ndiyankhe, iwe. Halo? Mpongozi, wamva mwanayo? Halo!