Kandime ka Pamwamba pa Sivi

Pamzere wa pashopu ya fotokope, mtsikana wina ankangoyang'ana sivi yake yofunsira ntchito, bolopeni ili kukamwa. Kumbuyo kwake kunali mayi wachikulire atanyamula envulopu.

"Mwananga, mzere wayenda. Chavuta n'chiyani?"

"Pepani amayi. Ndi kandime kapamwambaka, kodzifotokozera kuti ndine munthu wotani. Ena akuti ndichotse, mabwana sawerenga. Ena akuti popanda kameneka sakuitana. Ndiye atseka kulandira makalata masana ano."

"Kakuti chiyani?"

"Kakuti, 'Ndine munthu wosadikira kuuzidwa kawiri...'"

"'...ndipo sindichoka pantchito makina asanazizire.'"

"Ii! Mwaonera papepala langa?"

"Ndi maso ati? Magalasi ndasiya kunyumba. Unalemba wekha?"

"Ayi, anditayipira abambo a m'shopumu. Akuti ali nako kale m'kompyuta, amangosintha dzina."

"Analemba mawu amenewo ndi mwana wanga wamwamuna, patebulo langa, kufufuta kanayi konse. Ukupita nayo kufakitale ya nsapato, si choncho?"

"Eya. Mwadziwa bwanji?"

"N'kumene ankafuna iyeyo."

"Ndiye anawalemba ntchito?"

"Anamuitana. Foni inalira tikuchokera kumanda kokamuika."

"Mayo ine! Ndichotsa, amayi. Ndichotsa pompano."

"Usachotse! Ukufuna ntchito kapena ayi? Ndi mawu amenewo akuitana ndithu."

"Koma ndi a malemu, amayi."

"Nanga akuluma? Kapereke. Chimodzi chokha, mwananga: tsiku loyamba ukamalowa pageti, usafulumire kutseka. Mnzakoyo, mwini mawuwo, amayenda pang'onopang'ono."