Ndinathawa ndi nyundo phiri likubwera

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a chigwirizano, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye. Lero ndadzaza ndi chimwemwe. Ndikufuna kuchitira umboni, chifukwa sabata yathayi mukadabwera kwathu ndi makasu kudzatifukula.

Ambiri mukudziwa kuti fakitale itagulitsidwa amuna anga, atate a Chisomo, anachotsedwa ntchito, ndipo nyumba ya fakitale ya ku Estates tinatulukamo. Tinapeza malo m'mbali mwa phiri, njira ya ku Shimabala. Amuna anga ndi munthu wa manja, inu mukuwadziwa. Anasema phiri ndi piki mpaka panapezeka pomanga, anaumba njerwa okha, mitengo ya kumtunda anadula n'kuotcha malasha, pamene panali mitengo tinabzala chimanga. Anangosiya mtengo umodzi kumtunda kwa nyumba, ndipo ine ndinamangapo waya woyanikira zovala, mbali inayo n'kumanga pa nsanamira ya khonde. Kuti madzi asamalowe m'nyumba anakumba ngalande yopingasa kumtundako, koma yopanda potulukira. Ankati madzi akhale momwemo, chimanga chizimwa.

Ndiye mvula ija munaiona nonse. Masiku asanu ndi anayi, osati yamkuntho, koma yongothira, yongothira, ikapuma pang'ono yayambanso. Ikapuma ine thamangu kukayanika matewera. Tsiku lina ndinapeza waya wakhwefuka, matewera akukhudza matope. Ndinakalipira ana kuti akulendewera pa waya, iwo kukana, ine osamva. Atate awo anaukunga bwinobwino. M'mawa mwake wakhwefukanso. Anaukunganso, wakhwefukanso. Katatu, abale anga! Chisomo mpaka analawa kamtengo, mwana wosalakwa, ndipo ndapepesa kale kwa iye ndi kwa Mulungu.

Chitseko nacho chinayamba kukana kutsekeka. Amuna anga anati chatupa ndi chinyezi, anachipala, mawa lake chikukananso. Kenaka kuseri kwa khitchini, pa khoma la dothi limene anasema lija, panatuluka madzi. Poyamba oyera mbee, kenaka ofiira. Musandiseke, amayi, inetu ndinagwada n'kuthokoza kuti Ambuye andibweretsera chitsime pakhomo, zopita ku mjigo zatha. Ndinatcherapo ndi ndowa. Mulungu akundikuwira kuti thawa, ine ndikuti zikomo chifukwa cha madzi.

Lachitatu kunadutsa ba Mweemba, bambo wina amene amagulitsa nsomba za ku Chanyanya pa njinga. Si wa mpingo uno. Kale ankagwira ntchito yokonza misewu, nawonso anachotsedwa. Mvula inawapanikiza, anausa pakhonde pathu, ndipo pocheza ine ndinadandaula za ana osamva ndi waya wanga. Munthu uja anasiya kuseka. Anafunsa kuti wayamba liti, anafunsa za chitseko, anakaona ndowa yanga ya madzi ofiira, n'kukwera kumtunda mvula ili pamsana. Atabwera anatiitana tonse awiri kuti tikaone.

Abale, m'chimanga chathu, kumtunda kwa mtengo uja, nthaka inali itang'ambika. Mng'alu wokhota ngati chikwakwa, wautali kuposa nyumba yathu, dzanja langa linalowa mpaka m'chigongono. Madzi onse a m'ngalande ija ankathera momwemo, kulowa pansi osatulukanso. Mtengo nawo unali utaweramira ku nyumba, ine tsiku ndi tsiku ndikuuyang'ana koma osaona.

Ba Mweemba anatifotokozera mmene ndingamvere ine wa giredi sikisi. Anati dothi la paphiri langogona pamwamba pa thanthwe, ndipo chimene chimaligwira ndi mizu ya mitengo. Mvula ya tsiku limodzi imangodutsa pamwamba, koma ya masiku ambiri imalowa mpaka pathanthwe, dothi limalemera, pansi pake pamaterera ngati therere. Ndiye ukadula mitengo kumtunda, n'kusemanso kumunsi kumene dothilo linatsamira, latsala ndi chiyani? Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amake Chisomo, ana anu sanakhudze waya. Mtengowu ndi umene ukubwera kwanu, ndipo sukubwera wokha.”

Ine ndinakhulupirira pomwepo. Koma amuna anga, mundikhululukire atate a Chisomo, ndinena poti ndi umboni, anakwiya. Anati za napolo, zoti phiri limagumuka, ndi za kwawo kwa makolo ku Malawi, timapiri ta Kafue sitiyenda. Anati, “Anandichotsa ku fakitale, anandichotsa ku Estates, manje wogulitsa nsomba andichotsenso m'nyumba yomanga ndekha?” Ba Mweemba anangothyola timitengo tiwiri, kamodzi anakhoma mbali iyi ya mng'alu, kena mbali inayo, n'kumanga ulusi pakati. Anati tisamve za iwo, timve za ulusiwo, ukaduka tituluke tsiku lomwelo.

Ndinapemphera, abale. Sindinapemphe kuti mvula ileke, sindinapemphe kuti phiri liime. Ndinati, Ambuye, mwamuna uyu wapwetekedwa kambiri, mtima wake wauma, ndipo ine pakamwa panga sipangamusunthe, mumusunthe ndinu.

M'mawa Lachinayi ndinakwera ndekha. Ulusi unali utaduka, mng'alu umene unalowa dzanja tsopano ukanameza mwana. Ndinawatenga atate a Chisomo kukaona. Ataona mng'aluwo anati titenge ana ndi katundu tipite kwa achemwali anga kumunsi, pafupi ndi msewu wa ku Lusaka. Ine mumtima aleluya. Tinasamutsa ana anayi, mabulangete, mapoto, nkhuku, mpaka dzuwa linafika pamutu. Tinauzanso banja la kumunsi kwathu, nalonso linatuluka.

Ndinkayesa zatha. Koma ulendo womaliza ndinapeza amuna anga atatsamiritsa makwerero, akuti azule malata. Malata aja ndiwo chokha chimene chinatsala cha zaka zawo zonse za ku fakitale. Ndinawachonderera, ayi. Ndinalira, ayi. Anati ndi ntchito ya ola limodzi, ine nditsogole. Tikulankhulana choncho timiyala tikugubuduka kuchokera kumtunda n'kumamenya khoma, ndipo madzi ofiira aja anali atasiya kutuluka, zii, chinthu chimene ba Mweemba anachenjeza kuti n'choipa kuposa zonse, chifukwa ndiye kuti madzi atsekeka m'kati ndipo akukankha.

Nyundo yawo inali pansi pa makwerero. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, koma ndikudziwa amene anandituma. Ndinaitola, ndinakwinya chitenje, liwiro. Ine amene mumandiona ndikupuma kawiri pokwera masitepe a tchalitchi chino! Amuna anga pambuyo, akukalipa, akunditchula mayina amene sindingabwereze pamaso pa Abusa, akuti ndapenga, ndibweze nyundo. Ine osacheuka. Ndinagwa m'matope, ndinadzuka, nyundo ili m'manja. Anthu m'njira ankangoti banja ili lero lamenyana. Anandipeza pamsewu, anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo asanatsegule pakamwa tinamva.

Sikunali kugunda kwa mvula. Kunali ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, nthaka ikunjenjemera kumapazi. Tinacheuka. Munda wathu wonse unkatsika, chimanga chili chiimire m'mizere yake, kenaka zonse zinasanduka matope ofiira. Nyumba inangopindika. Pamene panali makwerero pali dothi lotalika kuposa denga, ndipo mpaka lero palibe lata ngakhale limodzi limene laoneka.

Amuna anga anakhala pansi pamsewu pomwepo, m'madzi. Dzanja langa sanalisiye. Patapita nthawi ananena motsitsa kuti, “Amake Chisomo, ana onse anayi ali kwa alamu?” Ndinati ali konko. Anafunsanso kachiwiri, ndinayankhanso. Ndipo mwamuna amene sindinamuonepo akulira, ngakhale tsiku limene anachotsedwa ntchito, analira ngati khanda, anthu akuona.

Inu amene mwamanga m'mbali mwa mapiri, ndipo ndikuonani muli muno, ndikupemphani. Mvula ikagwa masiku ambiri kwerani kumtunda mukayang'ane nthaka. Mtengo ukawerama, chitseko chikakana, madzi akatuluka pamene sanatulukepo, musatchere ndowa ngati ine. Ngalande zanu zikhale ndi potulukira, ndipo mitengo yotsalayo isiyeni. Mulungu amalankhula, koma nthawi zina amatuma munthu wa njinga wonunkha nsomba, ndipo ba Mweemba muziwakumbukira m'mapemphero anu.

Lero tilibe nyumba, tilibe munda. Tikugona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi kwa achemwali anga, phazi la uyu pamutu pa uyu, ndipo m'mawa uliwonse ndimawawerenga, onse alipo. Zikomo Yesu, zikomo Mbuye wanga. Atate a Chisomo, imirirani kumbuyoko, musachite manyazi, anthu akuoneni. Ana anga, imirirani. Mpingo wa Mulungu, nyimbo zimene mukadaimba pamaliro athu zisungeni, lero tiimbireni yovina. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwani nane!