Tsamba limene ndinasuta

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni. Sindidziwa kukometsa mawu. Ndingochitira umboni n'kukhala pansi.

Sukulu anandilanda ndili Sitandade 3, malume atakana kundilipirira. Zimenezo mumazidziwa, chifukwa ndadandaulira aliyense, ngakhale kapitawo wa ku esiteti ya fodya. Chimene simudziwa n'chakuti inenso ndinalanda mnzanga sukulu.

M'kalasi mwathu munali buku limodzi lokha la zithunzi, la kamtsikana kamene kanaswa mtsuko n'kunamizira mbuzi. Tsiku lina ndinang'amba tsamba lomaliza, n'kukapichirira fodya kuseri kwa chimbudzi. Silinayake n'komwe bwino. Aphunzitsi atafunsa, ndinaloza Yohane, amene tinkakhala benchi limodzi. Anamukwapula zikoti zisanu ndi chimodzi, ine ndikuwerenga chamumtima. Sanabwerenso kusukulu. Pano ali kunja, ku Walale, akuphikira azungu.

Lamulungu lapitali a Mvula, oyang'anira Sande sukulu, anandipempha kuti ndiwerengere ana. Ndinavomera monyinyirika. Buku limene anandipatsa ndi lomwelo, abale. Lomwelo. Litakalamba, sukulu inalipereka kuno. Ndinawerenga mpaka pamene mbuzi yamangidwa pamtengo, bambo wa kamtsikanako atanyamula ndodo. Kutsogolo kulibe tsamba.

Kamwana kena kanafunsa, “Nanga mbuzi ija anaimenya?”

Ndinakakalipira kuti kakhale chete. Musandiyang'ane choncho, ndi mmene ndilili. Koma chithunzicho ndikuchikumbukira: kamtsikana kagwira dzanja la bambo wake, kakulira, kakuulula. Tsamba limenelo ndi limene ndinasuta ine.

Lachisanu ndinapita kwa amayi ake a Yohane, awo mukuwaona apo pafupi ndi zenera. Ndinagwada n'kuwauza zonse. Anapitiriza kusenda mtedza nthawi yaitali osandiyang'ana. Kenako anati, “Iwe umadziwa kulemba, ine ayi. Khala apa umulembere.”

Dzulo ndinakaponya kalatayo ku positi ku Fort Jameson. Kaya adzayankha, sindikudziwa.

Mkwiyo wanga pa malume sunathe, ndisanamenso pamaso panu. Koma ndikuthokoza Mulungu amene watsegula pakamwa panga pogwiritsa ntchito kamwana kaja. Kondwerani nane, ngakhale ine nkhope ikukanika kudzuka.

Ana inu, mbuzi sinamenyedwe. Amene anamenyedwa anali Yohane. Zikoti zija zinali zanga, ndipo mpaka lero sindinazilandire: zisanu ndi chimodzi.