Ndinatentha kope la mwana wanga

Aulutsi ndi omvera nonse, ine ndine mayi wothyola tiyi kuno ku Thyolo, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Mwana wanga wamkazi ankangokhalira kujambula zithunzi m'kope la kusukulu. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuponya kopelo pamoto. Pa Sabata ndinamva kuti wazemba kutchalitchi, ali m'nyumba ya kanema kumsika. Ndinathyola kamtengo n'kumulondola.

Nditalowa ndinapeza akuonetsa makatuni, nkhuku yojambula ikufunafuna mwanapiye wake m'mvula ya chiperoni. Dontho linkayamba lalendewera kunsonga kwa tsamba lisanagwe, ndendende mmene ndimaonera m'munda m'mawa. Ndinangoti chilili, kamtengo kali m'manja, n'kuiwala chimene ndinadzera.

"Amayi, zonsezi anajambula munthu ndi dzanja," anandinong'oneza mwanayo. "Kaya iyeyo amayi ake sanamutenthere."

Kuyambira tsikulo maganizo amandithawa ndikamathyola masamba, moti akapitawo andikalipira kawiri. Mwanayo ndinamugulira kope latsopano ndi mapensulo. Papita mwezi tsopano. Iye akapita kusukulu ndimalitsegula mozemba, koma mulibe ngakhale mzere umodzi.

Makolo anzanga, musanatenthe kanthu ka mwana, muziyamba mwakayang'ana.