Mphumu yandichotsa pa azana

Inu otiwerengera nkhani pa wailesi, ndine bambo wa ku Liwaladzi. Kwa zaka zambiri ndinkachita azana, kuitanira anthu kuswala pamzikiti wa m'mudzi mwathu, ngakhale ndimadwala mphumu. Ndinkangopopera mankhwala m'kamwa ndisanayambe, mawu n'kutuluka bwinobwino.

Lachisanu lina, mwera ukuwomba, ndinapeza mankhwalawo atatha. Ndinalimba mtima n'kuyamba azana. Ndili pakati, chifuwa chinamanga. M'malo mwa mawu, chimkuzamawu chinatulutsa kulira kwa chifuwa changa, mudzi wonse ukumva. Ananditengera kuchipatala pa njinga yamoto.

Nditapezako bwino, a shehe anabwera kunyumba. Anati, "Bambo, mwatumikira mokwanira. Pumulani, apitirize ena."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga ine nditsala ndani m'mudzi muno?"

Mankhwala ndili nawo tsopano ndipo sindiphonya, koma mpweya sukufikanso pomwe unkafika. Amene analowa m'malo mwanga akamaitana, ndimangotsatira chamumtima. Sabata yatha ndinayesa kuchita azana ndekha kumunda, kopanda anthu. Sindinamalize ngakhale mawu oyamba. Ndinakhala pansi pakati pa chinangwa n'kulira, ndipo mpaka lero mkazi wanga sindinamuuze.