Tsiku Limene Ndinaleka Kunena Kuti Tili Bwino

"Ambuya Tembo! Ambuya Tembo imwe! Dzina latuluka!"

Anali bana Chanda, amake Chanda, neba wanga wa khomo loyang'anana, akuthamanga mpweya uli m'mwamba. Ine ndinali pamzere wa madzi Lolemba lapitali, chigubu pakati pa miyendo. Ndati, "Dzina la ndani?" Ati, "La ba Tembo, amuna banu! Balemba pa chitseko ku kiliniki. Munthu azayamba kubwela kubasambika!"

Abale anga, ndinausiya mzere. Mzere umene ndinaimapo kuyambira mmawa, ndinausiya! Ndinavina pamatope pomwepo. Ndinaimba, Yehova ee, mwationa, Yehova ee, mwationa ife a kuseri kwa msika. Anyamata ogulitsa madzi anaseka, ati ambuya apenga. Apenge! Ndipenge ine!

Moni abusa. Moni amayi, moni abambo, moni ana anga nonse. Ine ndine Enelesi, mkazi wa aTembo, wa muno mu komboni ya George. Musayembekeze kuti ndinene kuti amuna anga adzuka ayenda. Sanadzuke. Ali gone pamene ndawasiya. Koma mverani, mverani ndithu, chifukwa chimene chinandichitikira ine chingakuchitikireni inu.

Tinachokera ku Katete tili anyamata. ATembo anali kugwira ntchito ku kampani ya zitsulo, anali kupita ndi jekete ndi tayi ngakhale ntchito yake inali ya ovolosi. Kampani inagulitsidwa, anthu anauzidwa kuti pitani kunyumba. Anayamba ulonda. Ulonda unatha. Anayamba kuyenda ndi malasha panjinga. Unga unakwera, unakweranso, mpaka tinazolowera kugula ka pamela, kathumba kakang'ono ka tsiku limodzi. Ana tinabala asanu. Atatu tinaika m'manda ndi manja athu. Mmodzi anapita ku Joni, foni yake sipitanso. Watsala Misozi ku komboni ya Kuku, nayenso ali ndi ana ake ndi mavuto ake.

Ndiye tsiku lina aTembo akutsitsa thumba la malasha pakhomo, anagwa. Anagwa basi. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo wamanja unafa, ndipo mawu onse anathawa m'kamwa mwawo. Anatsala ndi liwu limodzi lokha. Limodzi! Liwu lake ndi lakuti "bwino". Ukawafunsa, mufuna madzi? Bwino. Pakupweteka pati? Bwino. Njala? Bwino.

Mvula yagwa katatu chigwereni. Wowatembenuza ndine. Wowanyamula ndine. Wowapukuta, wochapa nsanza, wotaya ndowa, ndine. Mwamuna uja ndi wamtali, inu mumawadziwa. Ine ndine uyu mukundionayu. Kumsana kwawo kunatuluka zilonda, ndipo msana wanga unayamba kulira ngati chitseko chakale. Mantha anga anali amodzi, abale. Osati njala, njala tinaizolowera. Mantha anga anali akuti, tsiku limene msana wanga udzakana, adzawatembenuza ndani?

Pa wailesi tinali kumva kuti boma likukonza ndondomeko yosamalira okalamba. Likukonza, likukonza. Mabatire anatha likukonza. Kenaka abusa analengeza muno kuti kukubwera anthu a kafukufuku ochokera ku sukulu yaikulu, adzayenda khomo ndi khomo kulemba okalamba odwalira m'nyumba, kuti aone ofunika thandizo.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Mverani kulakwa kwanga.

Ndinamva kuti kukubwera alendo. Ine ndinaleredwa kuti mlendo saona nsanza zako. Ndinadzuka, ndinasesa, ndinapaka polishi wofiira pansi mpaka panawala. Pulasitiki yogonera aTembo ndinaibisa kuseri kwa nyumba, ndowa ndinaibisa, nsanza ndinabisa. Ndinabwereka mipando iwiri kwa bana Chanda. Ndinabwereka shuga. Amuna anga ndinawameta ndevu, ndinawaveka jekete lija la kukampani, ndi tayi yemwe. Tinawakweza pampando ine ndi bana Chanda, tinawatchinga ndi mapilo kuti asagwere kumbali. Anakhala ngati mkulu wa mpingo akudikira msonkhano.

Bana Chanda anati, "Ambuya, ni ukwati?" Ndati, "Khalani chete imwe, mufuna anthu ophunzira atiseke?"

Anabwera awiri, mnyamata ndi mtsikana, ali ndi foni yaikulu yolembamo. Ndinawapatsa tiyi ndi mabanzi.

Mnyamata ati, "Ambuya, muli bwanji pano panyumba?"

Ndati, "Tili bwino, kaya inu."

Ati, "Vakudya mumapeza?"

Ndati, "Timadya, Mulungu ndi wabwino."

Ati, "Alipo amene amakuthandizani?"

Ndati, "Ana alipo." Nanga ndikanatani? Ndinene kwa mlendo kuti mwana wanga anandiiwala?

Ndiye anatembenukira kwa aTembo. "Ba Tembo, thupi ili bwanji?"

Amuna anga anayang'ana, anayesa, milomo inanjenjemera. Ati, "Bwino."

"Palibe pamene pababa?"

"Bwino."

Analemba, analemba, anathokoza tiyi, anapita. Asanafike n'kumsewu komwe, aTembo anatsetsereka pampando, buluku litanyowa. Ine ndinathokoza Mulungu kuti alendo sanaone. Ndinathokoza, abale! Taonani uchitsiru wake.

Patapita miyezi maina anatuluka. Ine sukulu sindinapite patali, koma dzina la Tembo ndimalidziwa maonekedwe ake. Ndinayendetsa chala papepala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. Palibe. Ndinafunsa mayi wa pakhomo pa kiliniki. Anayang'ana m'makina, ati, "Apa balemba ati nyumba ili bwino, odwala ankala pampando, akamba, bana bathandiza."

Ndinabwerera ndikuyenda ngati ndaledzera. Bana Chanda atamva anaomba m'manja. "Ambuya, munapaka polishi pa mavuto yanu! Shuga yanga ndiye inakuchotsani pa pepala!" Anaseka, kenaka anaona nkhope yanga, analeka.

Ndinalira kwa yani? Wondinamizira panalibe. Ndinadzinamizira ndekha, ndi tiyi wanga, ndi ulemu wanga.

Tsono linafika tsiku lija ndinali kuliopa. Unali mmawa, anthu onse atapita kukasaka ndalama. Ndinawerama kuti ndiwatembenuze. Ndinalowetsa manja pansi pawo, ndinakoka. Iwo anakuwa, "Bwino!" Ndipo msana wanga unati thyo. Ndinagwa pansi pafupi ndi bedi. Kudzuka, ayi. Kukwawa, ayi. Ndinaitana, koma kwa neba kunali wailesi ya nyimbo, palibe anamva. Dzuwa linakwera, malata anatentha, ntchentche zinabwera pa zilonda zawo, ine ndikuziona, dzanja langa osafika. Iwo pabedi, ine pansi, nkhalamba ziwiri m'chipinda chimodzi. Anali kundiyang'ana misozi ikutsikira m'khutu, akuti, bwino, bwino, bwino. Pamenepo ndinamva kuti liwu lawo lija silinali kunena kuti zinthu zili bwino. Anali kundichenjeza. Bwino, Enelesi, udzathyoka.

Ndiulule pamaso panu. Pansi paja ndinapemphera pemphero loipa. Ndinati, Ambuye, tengani mwamuna uyu lero. Mutengeni ine ndisanafe, chifukwa ndikayamba ine, adzawola ali moyo. Mwamuna amene ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana, ndinamupempherera imfa. Abusa, ndinatero.

Bana Chanda anatipeza dzuwa litapendeka. Sabata yonse ndinayenda chokwawa, ndikuwatembenuza ndi phewa.

Chaka chinatha. Anzathu anapita. ANyirenda a kumpopi wakale anafa okha m'nyumba, anawapeza tsiku lachiwiri. Amai Zulu, amene tinali kukhala nawo benchi ija yakumbuyo, ana awo anawatumiza kumudzi pa basi, sanathe n'komwe mwezi ali moyo. Ine ndinaleka kumvera wailesi.

Ndiye tsiku lina masana, ndili kuchapa nsanza pakhomo, manja ali thovu, ndinamva, "Odi, ambuya." Kuyang'ana, mtsikana uja wa kafukufuku. Yekha, osalengezedwa. Mayo ine! M'nyumba fungo, ndowa ili poyera, aTembo ali pa pulasitiki opanda malaya. Ndinathamangira kukatseka nsalu ya pakhomo. Ndati, "Dikirani pang'ono mwanawe, ndisese."

Anandigwira dzanja, dzanja la thovu lomwelo. Ati, "Ambuya, osapyanga. Napapata, osapyanga."

Anati dzina lake ndi Natasha. Anati atasonkhanitsa mapepala onse, anapeza kuti nkhalamba zambiri za mu George zili bwino, za mu Kanyama zili bwino, za mu Chawama zili bwino, pamene anamwino akuona zilonda zofika pafupa. Ati, "Tinaona kuti funso yathu ndiye inali yolakwa. Ambuya banga ku Petauke, olo badwale bwanji, ukabafunsa bakuti tili bwino. Manje sitifunsa muli bwanji." Anakhala pa njerwa, sanafune mpando. Ati, "Mailo, dzulo lomweli, anabanyamula ni ndani?"

Ndati, "Ine."

"Nanga juzi, dzana lija?"

"Ine."

"Pamene munadwala imwe?"

Ndinafuna kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Mulungu ndi wabwinodi, koma si zimene anafunsa. Ndinatsegula nsalu ija ndekha. Ndati, "Lowa uone. Sitili bwino, mwana wanga. Sitili bwino. Sitili bwino." Mawu amenewo sindinawanenepo kwa mlendo chibadwire. Anatuluka ngati ndikusanza, ndipo atatuluka ndinapepuka.

Analowa. Sanatseke mphuno. Anaona kumsana kwa aTembo, kenaka analemba. Ndinamufunsa, "Tsono atithandiza?" Sanandinamize. Ati, "Siniziba, ambuya. Ine nilemba chabe. Osankha ni bena." Anapita. Miyezi inadutsanso, ine ndinati basi, pepala lina lapita kukagona m'kabati.

Mpaka Lolemba lija pamzere wa madzi.

Tsopano ndikuuzeni chilungamo chake, kuti musapite kukanena kuti kwa aTembo kwagwa mana. Amabwera mayi mmodzi wophunzitsidwa, dzina lake ba Grace, Lachiwiri ndi Lachisanu. Amawasambitsa, amatsuka zilonda, amawatembenuza. Andiphunzitsa kukoka ndi nsalu m'malo monyamula ndi msana. Abweretsanso matiresi osalowa madzi. Basi, ndi zomwezo. Masiku ena asanu ndili ndekha monga kale. Unga sunatsike. Magetsi akuzimabe. Zilonda sizinapole. Ndipo eni thandizoli atiuza poyera kuti akungoyesa, m'nyumba zochepa, kwa miyezi yochepa, kenaka alembe lipoti lipite kwa akuluakulu. Akuluakulu akakana, ba Grace adzaleka kubwera. Ndinafunsa kuti zikadzatero ine ndidzatani. Palibe anandiyankha. Pamzere wathu womwewu pali nyumba zina zitatu za nkhalamba zogona, maina awo sanatuluke.

Koma Lachiwiri lapitali, abale, ndinakhala pansi. Ndinakhala pansi pakhomo, manja pamiyendo, munthu wina akusambitsa mwamuna wanga. Ndinamva madzi akukhavuka m'beseni ine osawagwira. Mvula zitatu! Ndinaimba, Yehova ee, manja ena, Yehova ee, mwatuma manja ena. Ndipo pemphero loipa lija ndalibweza. Ndati, Ambuye, musawatenge msanga, Lachisanu kukubwera munthu.

Inu amayi anzanga, inu a imvi ngati ine, akadzafika pakhomo panu anthu olemba, musasese. Moni muwayankhe, ulemu muwapatse, koma nsalu ya kuchipinda mutsegule.

Ndithokoza Mulungu. Ndithokoza abusa pondipatsa mpata. Ndithokoza amene anabwera kudzasangalala nane Lachiwiri lija, ndiwatchule, dzina lililonse limveke m'nyumba ya Mulungu. Bana Chanda anabwera, ndi nthungululu zawo zogontha nazo m'khutu. Misozi mwana wanga anabwera kuchokera ku Kuku, minibasi ziwiri, khanda kumsana. Amai Sakala ogulitsa tomato anabwera, anasiya kantemba kawo kogulitsirapo kopanda munthu. ADaka osoka nsapato anabwera. Amai Mwale a kwaya anabwera. Ba Mulenga a malasha, amene anagula njinga ya amuna anga, anabwera, anaima patali chipewa m'manja. Amai Lungu anabwera, amene amuna awo ali gone ngati anga koma dzina silinatuluke, anabwera ndithu, anavina nane akulira. Ba Grace analipo. Ndipo tinawanyamula anthu anayi kuwakhazika pakhomo kuti dzuwa liwaone, eni ake a dzina, Gidiyoni Tembo.

Aleluya. Ameni.