Usipa wa Anthu Awiri

M'chaka cha 1987, pamzere wogula shuga pafupi ndi msika wa Nkhata Bay, bambo wina wovala tayi, atagwira magazini yakunja, anatembenukira mayi wadengu amene anali patsogolo pake.

"Ama, muno alemba kuti azungu akuphunzitsa kompyuta kuganiza ngati munthu."

"Chitsulo n'kuganiza, ada?"

"Amachilembera malamulo limodzilimodzi. Ngati munthu wanyowa koma mvula kulibe, ndiye kuti wachokera kunyanja. Chikagwira lamulo, zotsalazo chimadzipezera chokha."

"Zimenezo ngakhale mwana amadziwa."

"Eya, koma mwana mukamutsina amakhala chete. Chitsulo mungachitsine pati? Tinene kuti mayi amakhala yekha, koma wagula usipa wa anthu awiri, ndi fodya pomwe iye sasuta. Ndiye kuti m'nyumbamo muli mwamuna amene satuluka masana."

"Tsitsani mawu, chonde. Fodyayu ndi wa dzino, likundiwawa."

"Chitsulocho chingafunse kuti dzino layamba liti. Kodi si sabata lomwe lija anasowa mphunzitsi amene aboma akumufuna?"

"Ine za aphunzitsi sindizidziwa. Khadi langa la chipani lili pano. Makinawo afika kale kwathu kuno?"

"Ayi. Akuti ngakhale kwawoko akuwavuta, patenga zaka zambiri."

"Ndiye ngati sanafike... Inu ada, nkhope yanu ndi yachilendo kwa ine. Wakuuzani ndani kuti ndimakhala ndekha?"

"Mzere ukuyenda, ama. Sunthani. Ine ndili pambuyo panu pomwe."